ALCOHOL NDI ABALE AKE

1. Fuko limodzi, ana ambiri

M'mudzi uliwonse muli anthu a fuko limodzi, amene afanana nkhope ndi mayendedwe, nakhala ndi chiwongo chimodzi; koma pofika pa ntchito ndi pa mtima apezeka osiyana ndithu. Mlendo wongoona nkhope akhoza kusokoneza mkulu ndi mng'ono wake. Mwini mudzi sangatero, pakuti awadziwa bwino onsewo. Momwemonso m'nzeru ya chemistry, ndiyo nzeru yofunafuna mamangidwe a zinthu ndi masandulidwe ake, zinthu zigawidwa m'mafuko. Limodzi la mafukowo ndilo la alcohol.

Anthu ambiri akamva dzina limeneli aganiza za mowa wokha. Komatu choledzeretsa cha m'mowa ndi mwana mmodzi chabe wa fuko lalikulu. M'sipiriti wa pepo wogula kusitolo, m'mankhwala opaka m'manja ophera tizilombo, m'giliserini wodzola nyengo ya chisanu, ndi m'petulo woyendetsa galimoto m'Malawi, monsemo muli ana a fuko lomweli. Wina wa iwo alowa m'chakudya osapweteka munthu; wina aledzeretsa; wina achititsa khungu ndi kupha, angakhale ali wochepa wongodzaza masupuni awiri. Ndipo awiri otsirizawa afanana maonekedwe ndi fungo lomwe, kotero kuti diso ndi mphuno sizikhoza kuwasiyanitsa. Chifukwa chake wophunzira ayenera kudziwa mamangidwe awo, pakuti kusiyana kwawo kuli m'katimo.

Dzina lakuti alcohol lidachokera ku mawu a Chiarabu akuti al-kuhl, ndiwo ufa wosalala wakuda umene akazi ankapaka m'zikope. Pambuyo pake anthu a ku Ulaya anatcha dzinali chinthu chilichonse choyengedwa bwino. Ndipo m'zaka za m'ma 1500 anayamba kutcha motero madzi amphamvu otchezedwa kuchokera ku vinyo.

2. Maatomu ndi manja awo

Zinthu zonse, mwala, madzi, mpweya ndi thupi la munthu, zimangidwa ndi tinthu tating'onoting'ono totchedwa maatomu, tosaoneka ndi maso. Maatomu sakonda kukhala okha: agwirana, napanga timagulu totchedwa mamolekyu. Pomanga alcohol pafunika mitundu itatu yokha ya maatomu. Woyamba ndi kaboni, amene achuluka m'makala. Chizindikiro chake ndi C. Wachiwiri ndi haidirojeni, wopepuka koposa onse. Chizindikiro chake ndi H. Wachitatu ndi okosijeni, ndiye gawo la mpweya limene munthu akhalira nalo moyo popuma. Chizindikiro chake ndi O.

Kuti kugwirana kwawo kumveke msanga, kuli bwino kuyesa atomu ngati munthu wokhala ndi manja. Haidirojeni ali ndi dzanja limodzi; okosijeni ali ndi manja awiri; kaboni ali ndi manja anayi. Lamulo lake ndi lakuti dzanja lililonse ligwire dzanja la mnzake, pasatsale lina lolendewera.

Tsono madzi amangidwa motere: okosijeni mmodzi agwira haidirojeni kudzanja ili, ndi haidirojeni wina kudzanja ilo. Alembedwa H–O–H, kapena H₂O. Haidirojeni mmodzi akachotsedwa, ndipo pamalo pake pakaimikidwa kaboni, amene manja ake atatu otsala agwira mahaidirojeni atatu, madziwo salinso madzi: asanduka alcohol woyamba wa fukoli, dzina lake methanol, wolembedwa CH₃OH.

Pamenepa paoneka chizindikiro cha fuko lonse. Alcohol aliyense ali ndi okosijeni wogwira haidirojeni kumbali imodzi ndi kaboni kumbali inayo. Awiriwa, O ndi H, atchedwa gulu la OH, kapena hydroxyl. Ndipo monga a Phiri ndi a Banda adziwika ndi chiwongo chawo, ana a fuko ili adziwika ndi mathero a maina awo, pakuti onse atha ndi -ol.

3. Abale anayi oyamba

Makaboni akhoza kugwirana okhaokha, napanga unyolo waufupi kapena wautali. Gulu la OH likhala pa unyolowo, ndipo manja onse otsala agwidwa ndi mahaidirojeni. Abale anayi oyamba ndi awa:

Methanol, CH₃OH: kaboni 1, awira pa madigiri 65.
Ethanol, C₂H₅OH: makaboni 2, awira pa madigiri 78.
Propanol, C₃H₇OH: makaboni 3, awira pa madigiri 97.
Butanol, C₄H₉OH: makaboni 4, awira pa madigiri 118.

Wopenya bwino aona kuti mbale aliyense aposa mnzake wa patsogolo pake ndi kaboni mmodzi ndi mahaidirojeni awiri. Aonanso kuti kuwerenga mahaidirojeni nkosavuta: makaboni achulukitsidwe kawiri, pawonjezedwe 1, ndipo kumapeto kulembedwe OH. Chotero wa makaboni 5 adzakhala C₅H₁₁OH.

Makaboni akafika atatu, gulu la OH likhoza kukhala kunsonga ya unyolo kapena pakati pake. Maatomu ali omwewo, koma makhalidwe asiyana pang'ono, monga nyumba ziwiri zomangidwa ndi njerwa zofanana, koma khomo loyang'ana kwina. Propanol wa OH wa pakati atchedwa isopropanol. Awira pa madigiri 82, ndipo agwiritsidwa ntchito m'zipatala popukuta khungu asanabaye jekeseni.

Methanol anatchedwa kale alcohol wa mitengo, chifukwa anapezeka potentha nkhuni m'chotengera chotseka. Robert Boyle wa ku Ireland anamtulutsa motero m'chaka cha 1661. Ndipo m'chaka cha 1834 anthu awiri a ku France, Jean-Baptiste Dumas ndi Eugène Péligot, anazindikira maatomu amene ali m'kati mwake. Masiku ano apangidwa wochuluka m'mafakitale kuchokera ku gasi wa pansi pa nthaka, ndipo mtengo wake uli wotsika.

4. Ntchito ya gulu la OH

Kodi okosijeni mmodzi yekha angasinthe chinthu kotani? Pali gasi wina, dzina lake ethane, C₂H₆, amene asiyana ndi ethanol pa okosijeni mmodziyo basi. Ethane sakhala wamadzimadzi kufikira atazizidwa madigiri 89 kunsi kwa 0. Koma ethanol ali wamadzimadzi ngakhale pa tsiku lotentha la mwezi wa October, nawira pa madigiri 78. Chifukwa chake nchakuti magulu a OH akokana: haidirojeni wa molekyu iyi akokedwa ndi okosijeni wa molekyu iyo, kotero kuti mamolekyu amamatirana, ndipo pafunika kutentha kwambiri kuti alekane nauluke monga nthunzi.

Madzi nawo ali ndi OH. Potero madzi ndi alcohol wa unyolo waufupi alandirana monga pachibale. Methanol, ethanol ndi propanol asakanizika ndi madzi pa muyeso uliwonse, osalekananso. Agwirana kolimba, kotero kuti mamililita 50 a ethanol akathiridwa m'mamililita 50 a madzi, zonse pamodzi sizifika 100, koma pafupifupi 96.

Koma unyolo wa makaboni sukonda madzi. Ufanana ndi mafuta. Ukatalika, mphamvu yake iposa ya OH. Butanol asungunuka pang'ono pokha m'madzi, ndipo abale a unyolo wautali koposa ayandama pamwamba monga mafuta a nsatsi. Chotero ethanol ali ndi mbali ziwiri, ina yokonda madzi, ina yokonda mafuta. Ndicho chifukwa asungunula zinthu zambiri zimene madzi alephera, monga utomoni, inki ndi mafuta onunkhira. Ndichonso chifukwa alowa msanga m'ziwalo zonse za thupi, ndi mu ubongo momwe.

Ethanol ali wopepuka kuposa madzi: lita imodzi ya madzi ilemera magalamu 1,000, koma ya ethanol magalamu 789. Saundana kufikira madigiri 114 kunsi kwa 0. Chifukwa chake athiridwa, pamodzi ndi utoto wofiira, m'timachubu tina topimira kuzizira.

5. Kumene ethanol achokera

Amayi ofulula mowa anadziwa ntchito yawo zaka mazana ambiri anthu asanamve za maatomu. Anyika mawere, mapira kapena chimanga m'madzi, nazifunditsa kufikira zitamera, naziyanika ndi kuzisinja, ndicho chimera. Nanga chimera chichitanji? M'kati mwa mbewu muli chakudya choyera chotchedwa starch, ndiwo mamolekyu a shuga ambirimbiri olumikizana monga mikanda pa chingwe. Mbewu ikamera ipanga enzyme, ndicho chinthu chofulumiza kusandulika kwa zinthu zina, icho chosatha ayi. Enzyme wa m'chimera adula chingwe chija, namasula shuga. Ndicho chifukwa phala lothira chimera lisungunuka ndi kutsekemera, nilikhala thobwa.

Thobwa likakhala masiku, liyamba kuchita thovu, ndipo kutsekemera kwake kuchepa. Pamenepo walowa wantchito wachiwiri, ndiye yisiti. Yisiti ndi kanthu kamoyo, ka mtundu wa bowa ndi nkhungu, kosaoneka popanda galasi lokuza zinthu. Apezeka m'mpweya, pa makoko a zipatso, ndi m'mbiya zakale za mowa. Pakasowa okosijeni, yisiti adya shuga, natulutsa zinthu ziwiri: ethanol, ndi mpweya wa carbon dioxide, umene uchititsa thovu lija. Zilembedwa motere:

C₆H₁₂O₆ → 2 C₂H₅OH + 2 CO₂

Ndiko kunena kuti molekyu imodzi ya shuga wotchedwa glucose ibala mamolekyu awiri a ethanol ndi awiri a carbon dioxide. Wowerenga maatomu kumbali zonse ziwiri apeza makaboni 6, mahaidirojeni 12 ndi maokosijeni 6 uku ndi uku. Palibe atomu yotayika, palibenso yobwera kuchokera kwina. Pa sikelo, magalamu 180 a shuga ameneyu akasandulika onse apatsa magalamu 92 a ethanol ndi 88 a mpweyawo. Wophika buledi agwiritsa ntchito yisiti yemweyo. Iye afuna mpweya wotupitsa mtanda, ndipo ethanol auluka mu uvuni.

Louis Pasteur wa ku France ndiye anatsimikiza, pakati pa zaka za 1857 ndi 1860, kuti kuwira kotere ndi ntchito ya tinthu tamoyo. Ndipo m'chaka cha 1897 Eduard Buchner wa ku Germany anapera yisiti, nafinya madzi ake opanda moyo, naona kuti madziwo asandutsabe shuga. Motero kunadziwika kuti ma enzyme a m'kati mwa yisiti ndiwo agwira ntchitoyi.

Koma yisiti ali ndi malire. Ethanol ndi zotaya zake, ndipo zikachuluka zimpha mwini wake. Akafika magawo ngati 15 pa 100, yisiti wa masiku onse aleka ntchito. Chifukwa chake chakumwa chongofulula sichipitirira kwambiri muyeso umenewu, ndipo mowa wa masese uli pansi pake kutali.

6. Kutcheza

Pofuna ethanol wamphamvu koposa apo, anthu amlekanitsa ndi madzi pa moto. Madzi awira pa madigiri 100 m'mbali mwa nyanja ya mchere, ndi kucheperapo pa malo okwera monga Dedza. Koma ethanol awira msanga kuposa madzi kulikonse. Chosakaniza chikatenthedwa, nthunzi yoyamba kukwera ikhala ndi ethanol wambiri kuposa chotsala mumphika. Nthunziyo ikapita m'chubu chozingidwa ndi madzi ozizira, isandukanso madontho. Kumeneku ndiko kutcheza. Kachasu apangidwa motero, ndipo dzina lake lichokera ku mawu a Chipwitikizi akuti cachaça. Madontho oyamba, amene otcheza awatcha mutu, ndiwo amphamvu koposa. Otsatira achepa mphamvu, pakuti madzi achuluka m'nthunzi.

M'mafakitale atcheza ndi nsanja zazitali zachitsulo, m'mene nthunzi isanduka madzi niwiranso kambirimbiri isanafike pamwamba. Ngakhale kutero, kutcheza kokha sikupitirira magawo 96 pa 100, chifukwa pa muyeso umenewo madzi ndi ethanol auluka pamodzi. Madzi otsalawo achotsedwa ndi njira zina.

7. Kuyaka, kusasa ndi kuyeretsa

Alcohol ayaka. Ethanol akayaka bwino agwirizana ndi okosijeni wa m'mpweya, nasiya carbon dioxide ndi madzi okha:

C₂H₅OH + 3 O₂ → 2 CO₂ + 3 H₂O

Lawi lake lili lobiriwira monga thambo, lopanda mwaye, ndipo masana silioneka bwino. Pamenepa pali ngozi: munthu akhoza kuyesa kuti moto wazima, nathira sipiriti wina, ndipo lawi likwera kulowa m'botolo. Sipiriti asathiridwe konse pa moto kapena pa mbaula yotentha.

Chifukwa cha kuyaka kwake, ethanol ayendetsa galimoto, ngakhale lita yake ipatsa mphamvu ngati magawo awiri mwa atatu a lita ya petulo. Dziko la Brazil linayamba ntchito yaikulu ya ethanol wa nzimbe m'chaka cha 1975. M'Malawi, fakitale ya ethanol inatsegulidwa ku Dwangwa m'chaka cha 1982, ndi ina ku Chikwawa m'chaka cha 2004. Popanga shuga wa nzimbe patsala manyuchi akuda otchedwa molasses. Ameneyo apatsidwa kwa yisiti, natchezedwa, ndipo ethanol wotulukayo asakanizidwa ndi petulo. Chotero chimene chichitika m'mbiya ya kumudzi ndi chimene chichitika m'matanki a ku Dwangwa chili chimodzi.

Pali kugwirizana kwina ndi okosijeni, kwapang'onopang'ono, kopanda lawi. Vinyo kapena mowa ukasiyidwa wosavundikira, mabakiteriya ena asandutsa ethanol kukhala asidi wotchedwa ethanoic acid, CH₃COOH. Ameneyo ndiye wowawasa wa m'viniga, m'mene ali magawo ngati 5 pa 100. Kusandulikaku kuli ndi makwerero awiri: poyamba alcohol asanduka chinthu cha fuko la aldehyde, ndipo pambuyo pake aldehyde asanduka asidi. Wophunzira asunge bwino makwerero awiriwa, pakuti adzakomana nawonso m'thupi la munthu.

Ethanol ndi isopropanol aphanso tizilombo toyambitsa matenda, pakuti aononga khungu lake la kachilombo ndi kuumitsa za m'kati mwake, monga moto uumitsa choyera cha dzira. Chodabwitsa nchakuti wosakaniza ndi madzi pang'ono, wa magawo ngati 70 pa 100, apha bwino kuposa wopanda madzi. Madziwo amthandiza kulowa m'kati, namletsa kuuma msanga. Mankhwala opaka m'manja ayenera kukhala ndi magawo osachepera 60 pa 100.

8. Abale awiri m'thupi la munthu

Ethanol akamwedwa alowa m'magazi kupyolera m'mimba ndi m'matumbo, nafika ku ubongo m'mphindi zowerengeka. Kumeneko achedwetsa mauthenga a m'mitsempha. Motero munthu ayamba kutaya manyazi ndi kulingalira bwino, kenaka miyendo idzandira, ndipo akamwa wochuluka kupuma komwe kukhoza kuleka. Thupi limuyesa ululu, nilimtumiza ku chiwindi. M'chiwindi muli enzyme amene amkweza pa makwerero awiri aja: poyamba asanduka acetaldehyde, amene ali woipa, wochititsa mseru ndi mutu, kenaka asanduka asidi wa viniga, amene thupi likhoza kumtentha, nasanduka madzi ndi carbon dioxide.

Chiwindi sichifulumira. Cha munthu wamkulu chitha magalamu ngati 7 kapena 8 pa ola limodzi. Ndipo m'botolo la mowa la mamililita 330, la magawo 5 pa 100, muli magalamu 13. Kusamba madzi ozizira, kumwa tiyi kapena kuthamanga sikufulumiza ntchitoyi ayi. Chiwindi chogwiritsidwa ntchito yotere zaka zambiri chichita zipsera, nichiuma. Mwana ali ndi thupi laling'ono ndi ubongo womerabe, chotero muyeso wochepa umpweteka kwambiri. Ndipo mayi wapakati akamwa, ethanol afikanso kwa mwana ali m'mimba.

Tsono methanol asiyana ndi ethanol pa kaboni mmodzi ndi mahaidirojeni awiri okha. Chiwindi chimlandira ndi enzyme yemweyo, nichimkweza pa makwerero omwewo; koma zotulukapo zili zina. Pa khwerero loyamba asanduka formaldehyde, ndiye mankhwala oumitsira mitembo. Pa lachiwiri asanduka formic acid, asidi amene nyerere zina zilasa naye adani awo. Dzina lake lichokera ku formica, ndilo nyerere m'Chilatini. Thupi la munthu lichedwa kuchotsa asidi ameneyu. Aunjikana m'magazi, naononga mtsempha wa maso ndi ubongo. Akulu anati, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere; mwambiwu uyenera methanol ndithu. Mamililita 10 okha, ndiwo timasupuni ta tiyi tiwiri, akhoza kuchititsa khungu losachira. Mamililita 30 akhoza kupha munthu wamkulu.

Choopsa china nchakuti ululuwu ubisala. Poyamba womwayo aoneka ngati woledzera chabe, nagona, nadzuka ali bwino. Patapita maola 12 kufikira 24, asidi atachuluka, ayamba mutu, kusanza, kupweteka m'mimba, kupuma mofulumira, ndi kuona ngati chifunga chaphimba maso. Munthu wotere atengedwe ku chipatala nthawi yomweyo, pamodzi ndi botolo la chimene anamwa. Ndipo onse amene anamwa naye apite, angakhale asanamve kanthu. Madokotala apatsa mankhwala otchedwa fomepizole, otsekereza enzyme uja. Pamene palibe, apatsa ethanol wopimidwa bwino, pakuti enzyme akonda ethanol kuposa methanol, natanganidwa naye kufikira methanol atatuluka m'thupi osasandulika. Nthawi zina atsuka magazi ndi makina. Imeneyi ndi ntchito ya chipatala chokha, yofuna kupima magazi kawirikawiri, siyesedwa kumudzi.

Nanga methanol alowa bwanji m'chakumwa? Pofulula zipatso apangika wochepa kuchokera ku makoko ndi zamkati mwake. Pofulula mbewu ndi shuga achepa koposa. Koma imfa za anthu ambiri nthawi imodzi zichokera makamaka kwa ogulitsa amene athira methanol wa kufakitale m'chakumwa, chifukwa ali wotsika mtengo. M'mwezi wa November 2000 anthu oposa 100 anafa motero ku Kenya, makamaka m'mzinda wa Nairobi, ndipo ena anachita khungu. M'chaka cha 2020 anthu mazana ambiri anafa ku Iran, ena a iwo atakhulupirira mbiri yonama yakuti kumwa alcohol kuteteza ku matenda a Covid-19.

Sipiriti wa pepo ndi ethanol amene athiramo dala zinthu zoipa, kawirikawiri methanol, kuti asamwedwe; utoto wake ndi chenjezo. Kumsefa m'buledi kapena m'nsalu kukhoza kuchepetsa utoto, koma methanol atsala momwemo, pakuti mamolekyu ake ali ang'ono kuposa a ethanol yemwe. Kumtcheza pa mphika sikuthandizanso, popeza awiriwa asiyana madigiri 13 okha pa kuwira, nakwera pamodzi m'nthunzi.

9. Abale a OH wambiri

Ana ena a fukoli ali ndi magulu a OH oposa limodzi. Ethylene glycol ali ndi makaboni awiri, aliyense ndi OH wake. Athiridwa m'madzi oziziritsa injini ya galimoto. Ali wotsekemera, koma chiwindi chimsandutsa maasidi oononga impso. Chifukwa chake asungidwe kutali ndi ana ndi ziweto.

Glycerol, amene anthu amtcha giliserini, ali ndi makaboni atatu ndi magulu a OH atatu. Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden anamtulukira m'chaka cha 1779 potenthetsa mafuta a azitona pamodzi ndi mankhwala a mtovu. Ali m'mafuta onse a nyama ndi a zomera, natuluka popanga sopo. Popeza magulu ake atatu akokana kolimba, ali wonanda monga uchi, nawira pa madigiri 290; akokanso madzi, ndicho chifukwa afewetsa khungu louma. Saledzeretsa, ndipo woyengedwa bwino athiridwa m'zakudya ndi m'mankhwala akumwa. Awiriwa nawonso afanana maonekedwe ndi kutsekemera, koma wina apha, wina ayi.

10. Zoyenera kukumbukira

Alcohol ndi fuko la zinthu zokhala ndi gulu la OH logwira kaboni. Gulu limeneli ndilo liwafananitsa. Utali wa unyolo ndi kuchuluka kwa magulu a OH ndizo ziwasiyanitsa. Chimene alcohol adzachita m'thupi chidziwika ndi chimene chiwindi chidzamsandutsa. Popeza diso, mphuno ndi lilime sizikhoza kuona kaboni mmodzi, chamadzimadzi chilichonse chopanda dzina lodziwika chisalawidwe. Sipiriti ndi mankhwala asathiridwe m'botolo la chakumwa. Ndipo botolo lililonse lilembedwe dzina la chimene chili m'kati mwake.

NTCHITO ZA M'KALASI

(a) Ophunzira aumbe timipira ta dongo: takuda ta kaboni, tofiira ta okosijeni, ndi tating'ono toyera ta haidirojeni. Alumikize ndi timitengo, namange madzi, methanol ndi ethanol, powerenga manja a atomu iliyonse.

(b) M'botolo athire madzi ofunda, masupuni awiri a shuga ndi kasupuni ka yisiti. Pakamwa pake amange baluni, naliike pamalo pofunda. Ayang'ane patapita ola limodzi. Mpweya wa m'baluni ukapitirizidwa m'madzi oyera a laimu, madziwo achita mbuu ngati mkaka. Ndicho chizindikiro cha carbon dioxide. Za m'botolo zitayidwe, zisalawidwe.

(c) Mphunzitsi adontheze pa sileti dontho la madzi ndi dontho la sipiriti, kutali ndi moto. Ophunzira aone louma msanga, nafotokoze chifukwa chake.

MAFUNSO

1. Tchulani mitundu itatu ya maatomu omanga alcohol, ndi manja a mtundu uliwonse.
2. Lembani chizindikiro cha alcohol wa makaboni 6.
3. Chifukwa ninji ethanol asakanizika ndi madzi, koma wa unyolo wautali ayandama?
4. Chimera chigwira ntchito yanji, ndipo yisiti agwira yanji?
5. Magalamu 360 a glucose angapatse magalamu angati a ethanol?
6. Fotokozani makwerero awiri a ethanol ndi a methanol m'chiwindi.
7. Chifukwa ninji womwa methanol sadwala nthawi yomweyo? Nanga anzake ayenera kuchitanji?